Aleke Ali ku Shanghai

Mayi Lenifa anaweruka ku ntchito yosamalira okalamba kunja kutada kale. Atafika kunyumba kwawo m'tauni ya Bowie, kutsidya kwa nyanja, anatuluka kukataya zinyalala. Ali panjapo anamva kulira kwa sitima ya pamadzi, chonsecho kuderako kulibe doko.

Pansi pa getsi la mumsewu panaima mtsikana, madzi akuchucha m'tsitsi ndi m'zovala. Nkhope inali ya Aleke, mwana wawo amene ankaphunzira udokotala ku Shanghai.

"Aleke! Wabwera liti?"

Mtsikanayo anangowayang'ana osaphethira.

Mayiwo anaimbira mwana wawo foni ya vidiyo. Inaitana nthawi yaitali. Kenako Aleke anaoneka, kwawoko kutacha, akutafuna banzi.

"Mami, kwagwanji? Ndikuthamangira kukalasi."

"Uli bwino, mwanawe? Sunapite kumadzi?"

"Ndili bwinobwino. Dzulo anzanga amandikakamiza kuti tikakwere boti kudoko, koma ndinakana."

Mayi Lenifa anakhala pa masitepe, akuseka misozi ili mbwembwembwe. "Ambuye alemekezeke!"

Atadzutsa mutu, mtsikana uja anali akuchoka pang'onopang'ono. Anakaima pakhomo la aneba, amene mwana wawo ankaphunzira limodzi ndi Aleke, n'kuyamba kugogoda.