Utsi wa Kaliwo pa Biriwita

"Utsiwo suoneka, mayi," anatero Che Usumani, wojambula zithunzi wa pa Balaka, akutulutsa mutu m'kansalu ka kamera. "Khomali ndi loyera, utsinso ndi woyera. Pakufunika chakuda kumbuyoku, dzuwa liziwomba cham'mbali."

Scholastica anayang'ana mwamuna wake Ambrose, ali phee pampando, kaliwo kukamwa. Sitima yopita naye kumigodi ya ku Joni inali italira kale kamodzi pasiteshoni.

"Angojambula basi," anatero Ambrose. "Si inu mumandipirikitsira panja tsiku ndi tsiku chifukwa cha fodya yemweyu?"

"Iyayi. Popanda utsi sakhala inu ameneyo."

Scholastica anavula biriwita yakuda imene anafunda m'mapewa, nakaima kumbuyo kwa mpando, n'kuitambasula m'mwamba ndi manja onse awiri.

"Kokani, achimwene," anatero wojambula uja. "Tulutsani pang'onopang'ono."

Utsi unakwera mopotanapotana, uli mbee pansalupo, wina n'kudutsa pamwamba kukamulowa Scholastica m'maso. Anadzigwira osatsokomola mpaka anamva kuti zatheka.

"Yanunkha fodya nsaluyo," Ambrose anaseka. "Mukaichape."

Scholastica anaipinda bwinobwino, naifungatira pachifuwa.

"Ndidzachapa mukadzabwera."