Dzanja pa Giya

"Sinthani, injini ikulira!" anatero a Efulemu, dzanja lawo lathukuta litagwera kale pa dzanja la Zipora.

Injini sinkalira. Chichokereni ku Mitundu, bambo omuphunzitsa kuyendetsa galimotowa ankapeza chifukwa pa bampu iliyonse. Zala zawo zonunkha kanyenya zinkafinya zake pa giya, kenako n'kutsetserekera pabondo. Zipora anasuntha bondo lake.

"Ndisintha ndekha, bambo."

"Simunafikepo, asisi. Wophunzira timachita kumugwira dzanja."

Pa Nathenje anaima kuti atenge akazi awo a Efulemu, omwe ankachokera ku Nkhoma. Mayiwo anakhala kumbuyo, pakati penipeni.

Zipora analowa mumsewu, naika giya yachiwiri, n'kuponda moto. Injini inakuwa ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Iye sanasinthe. Maminibasi ankawapitirira, makondakitala akuseka.

"Bambo a Madalo, galimotoyi ikufatu," anatero mayiwo. "Tamuthandizani mwanayu!"

A Efulemu anapinda manja pachifuwa, maso ali kunja.

"Asintha okha," anayankha. "Pa giya sagwirana manja."