Anadzuka Okha Pangozi ya ku Linthipe

Panali munthu wina kuno ku Dedza, dzina lake Kalisto, nthawi ija ya makadi a chipani. Amene anandiuza nkhaniyi anali nawo pamaliro, ndiye werengani mpaka pansi, musangoyendetsa chala.

Kalisto anabwera kuchokera ku Joni ndi kapikapu. Ankanyamula mbatata ya kachewere ndi kabichi kupita ku Lilongwe, pamwamba pa matumba n'kukwezanso anthu a matola. Chilolezo chonyamulira anthu analibe. Chaka chimenecho petulo ankasowa, ndiye mkuluyu anapeza nzeru zake: akafika pamtsetse ankazimitsa injini, galimoto n'kumatsika yokha.

Che Idrisa, makaniko wa pa Chimbiya, anamuuza mosabisa.

"A Kalisto, galimoto iyi mukazimitsa injini mabuleki amauma gwa. Mudzapha anthu."

"Petulo muzindigulira ndinu? Ine ndayendetsa ku Joni, inu ntchito kugona pansi pa magalimoto a eni."

Lachiwiri lina m'mawa anakweza a Ezara ndi akazi awo mai Monika, anzake a mphakati umodzi kutchalitchi, akukagulitsa kabichi. Pamtsetse wolowera ku Linthipe, mwachizolowezi, kiyi thimu. Pakona panatulukira ngolo ya ng'ombe. Anaponda buleki, osamva. Anapondanso, osamva. Anakhotetsa, galimoto n'kugubudukira m'ngalande, matumba onse pa mai Monika.

Anawasolola. Bala panalibe, magazi ngakhale dontho. Mayiwo anadzuka okha, kumanga chitenje bwinobwino, n'kuyamba kutola kabichi wawo. Atatola atatu anakhala pansi.

"Amake Jenifa, mukumva bwanji?" anafunsa a Ezara.

"Pansi pa nthiti apa, kumanzere. Abambo, tiyeni kuchipatala."

Kalisto anagwada pamsewu pomwepo.

"Achimwene, chonde. Kuchipatala akatifunsa kalata ya kupolisi. Apolisi akamva za matola, ine ndathera pomwepo, galimoto alanda. Taonani, alamu adzuka okha, magazi palibe. Ife timapemphera limodzi, tikambirane pachibale. Mbuzi yanga ya bere ija tengani."

A Ezara nawonso khadi la chipani la chaka chimenecho anali asanagule. Kungomva mawu oti polisi, anayang'ana akazi awo, anayang'ana Kalisto.

"Tiyeni kaye kunyumba mukapume. Zikavuta tipita."

Mxii! Munthu wanena yekha pamene pakupweteka, amuna awiri akukambirana za mbuzi!

Anawakweza pangolo yomwe ija kubwerera kumudzi. Kalisto anagula asipulini ndi botolo la Fanta. Pofika masana mbuzi inali itamangidwa pamtengo wa mapichesi pabwalo la a Ezara.

M'nyumbamo mai Monika anayamba kupempha madzi. Kumwa kapu yonse, "madzi." Kumwanso, "madzi." Kenako akuti phewa lakumanzere likubaya, chonsecho phewalo silinagunde pena paliponse. Milomo inayera. M'manja munazizira. A Ezara atagwira pamimba anapeza patupa, palimba ngati ng'oma.

"Abambo, ndikuona mdima. Mwana ali kuti? Ndipatseni ayamwe."

Atawabweretsera mwana wa kubere, mayiwo analephera ngakhale kumugwira.

A Ezara anathamangira kwa Kalisto.

"Zavuta! Tiyeni tikaimitse galimoto pamsewu!"

"Achimwene, ndi mantha chabe amenewo, thupi likadali kunjenjemera ndi ngozi. Tione mawa."

"Mawa lake liti? Iwe Kalisto, mkazi wanga sakundizindikira!"

Cha m'ma 3 koloko anamanga machira a nsungwi, amuna anayi n'kunyamula, liwiro kutsika phiri. A Ezara ankathamanga pambali akuitana, "Amake Jenifa! Amake Jenifa!" Poyamba ankavomera. Pamlatho anavomera ndi maso okha. Atatsala pang'ono kufika patala, m'modzi mwa onyamula aja anati, "Tatsitsani kaye."

Anatsitsa. Basi.

Kupolisi kumene ankakuthawa kuja anapitako ndithu, tsopano ndi mtembo. Dokotala atapima anati kapamba anaphulika, magazi ankatayikira m'kati tsiku lonse. Anafunsa kuti ngozi inachitika nthawi yanji. Atamva kuti m'mawa, anavula magalasi.

"Bambo, mukanabwera nawo nthawi yomweyo bwenzi titawachita opaleshoni. Bwenzi pano mukuwaphikira phala."

A Ezara anangokhala pansi pasimenti.

Kukhoti mwini ngolo uja ananena kuti galimotoyo sanaimve kulira, inangomutulukira mwakachetechete. Che Idrisa anafotokoza zimene anachenjeza. A majisitireti anamufunsa Kalisto funso limodzi:

"Mayiwa anapempha kupita kuchipatala, inde kapena ayi?"

"Anapempha, bwana."

Anamutsekera zaka, laisensi n'kulanda. A inshuwalansi anati za anthu a matola iwo sizikuwakhudza. Pikapu imene ankaiteteza ija inaolera kuseri kwa polisi, ndipo mkazi wake anachita kukhwasula malata padenga n'kugulitsa kuti ana adye. A Ezara anatsala ndi ana anayi, wotsiriza wa kubere.

Mbuzi ija inaphedwa pamaliro a mai Monika, adzukulu okumba manda n'kudyera. A Ezara atawapatsa mbale yawo anaikankha. Akuti mpaka kumwalira kwawo nyama ya mbuzi sanailawenso.

Phunziro: Munthu akachita ngozi, kudzuka yekha si umboni woti ali bwino. Magazi ena amatayikira m'kati, inu osawaona. Ludzu losatha, kuyera milomo, kuzizira manja, mimba kulimba, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, za apolisi ndi za pachibale muzikamba munthu ali pabedi. Ndipo inu madalaivala ozimitsa injini pamtsetse, siyani zopusazo, mwanyamula amayi a anthu! Tumizani uthengawu kumagulupu onse, makamaka kwa m'bale wanu woyendetsa minibasi kapena kabaza, auwerenge lero asanagwire kiyi.