Wandevu Uja Anatsala

Serafim anawaona komaliza ali moyo achimwene ake, Abílio, mu baraka ya Zeferino yoonetsera mafilimu ku Fíngoè, jenereta ikulira kuseri. Abílio anali asanasambe n'komwe. Dothi lofiira la kumgodi wa golide linali litauma m'zala zawo.

Pakanema, mzungu wachipewa ankathawa m'phanga likugumuka, chuma chili m'khwapa.

Serafim anabwera ndi nkhani imodzi yokha: sukulu ya ku Tete, imene zala zomwezo zinamutumizako, anali ataisiya. Anatsegula pakamwa, koma panatuluka zina.

"Achimwene, mukumukumbukira wandevu uja wa pa televizau, wofufuza milandu? Akuti filimu iyi inali yake. Mabwana ake anamukaniza, chipewa anapatsa wina."

"Ndiye anangotsala?"

"Anatsala."

Abílio anaseka mpaka kutsokomola.

"Usamumvere chisoni, dotolo. Wina amayenera kutsala kuti mnzake apite. Ukuganiza kuti akamaonera sanyadira?"

Anamusisita pamutu ngati kamwana, n'kumusiyira fumbi m'tsitsi. Serafim anayang'ana pansi. Mumtima anati adzawauza Loweruka, atasamba, atadya, atapuma.

Filimu isanathe, Abílio anadzuka. Anati mvula yadzaza dzenje, anzawo akuwadikira kuti akakape madzi dzuwa lisanalowe. Atafika pakhomo anatembenuka, naloza kanema ndi chibwano.

"Udzandiuze ngati watulukamo m'phangamo."

Serafim anangogwedeza mutu.

Linali Lachinayi, pa 9 Marso 2023.