Mwana Wawo Ali Kutali

Mayi analimbana ndi lamba wapampando mpaka mwana wawo wamkazi, mzime uja, anachita kuwamangira. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo ulendowu unali wokaonana ndi dokotala wa maso ku mzinda winawo. Pabasi ndi tsiku lathunthu, msana kuchita kuthyoka. Pandege, mzimeyo anati, ngakhale ola silikwana.

Kandege aka ankakadziwa ndi makutu okha. Kankadutsa pamwamba pa nyumba yawo m'mawa ndi madzulo, malata kuchita kunjenjemera. Malemu amuna awo, amene anatisiya chaka chathachi, akangokamva ankadzutsa mutu pamphasa n'kufunsa ngati mnyamata wafika.

Mnyamatayo ndi chisamba chawo, woyendetsa ndege. Koma iye amayendetsa zikuluzikulu zakutsidya kwa nyanja, osati kachiwala aka. Pafoni ankayamba wakhosomola kawiri, ndendende bambo ake, kenako n'kudandaula kuti kumene ali n'kutali, mabwana sapereka tchuthi. Matenda a bambo ake sanawaone. Maliro anawamvera pafoni.

Mayi ankadana nawo mtunda umenewo. Ankadananso ndi mabwanawo, anthu ouma mtima ngati alibe makolo. Anawalanda mwana, anamanitsa nkhalamba kutsanzikana ndi chisamba chake, ndipo zimenezi zinkawawawa mpaka lero. Mzimeyo akangoyerekeza kunena kuti achimwene atitaya, ankamudula pakamwa: iwe ukudziwa chiyani za kutali, munthu woti sunatulukepo m'dziko muno?

Mbali inayo kunakhala bambo wina wamalonda, chikwama pamiyendo, pakamwa posapuma. Ataona mmene mayi anagwirira mpando, anaseka n'kuwauza kuti asaope. Iye njira imeneyi amaiyenda sabata iliyonse. Mtunda wake ndi wamasewera, anatero, tiyi amene akupatsani simumaliza n'komwe, mungomva matayala agunda pansi. Oyendetsa ake ndiye amangosewera, akatera kwanu kuno amakhala masana onse akuyasamula podikira ulendo wobwerera.

Mayi anachita nsanje.

"Mayi ake a woyendetsa ameneyu ndiye odala," anatero. "Amamuona mwana wawo tsiku lililonse. Wanga ndiye anapita kutali zedi."

Mzimeyo anangoyang'ana pawindo.

Chitseko chinatsekedwa. Mtsikana wothandiza apaulendo anadutsa akuona malamba. Mayi anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, mumtima akuyamba kale kukonza nkhani yokamuuza mnyamatayo akadzaimbanso foni: kuti nawonso akwera ndege, ndipo tsopano akumvetsa kuvuta kwa ntchito yake. Anaona kuti adzaseka, mwana wawo wosauka, wozunzika m'maiko a eni.

Kenako chimkuzamawu chapamwamba pa mitu yawo chinalira. Munthu wina anakhosomola kawiri, n'kuyamba kulonjera apaulendo mwaulemu wonse.

"Eya, ndi yemweyo," anatero wamalonda uja mokondwa. "Chaka chachinayi tsopano akutinyamula ameneyu, m'mawa ndi madzulo."

Mayi sanafunikire dokotala wa maso kuti amudziwe. Mwini mawu amenewo anamuphunzitsa okha kunena kuti amayi.