Maliro a m'masipika a Mzomera

Panali munthu wina ku Ngala, dzina lake Mzomera, mwini maboti awiri a usipa. Nkhaniyi ndi yoona, wandiuza ndi munthu amene anaona ndi maso ake.

Mayi ake a Mzomera, a NyaChirwa, ankadwala matenda othamanga magazi ndipo ankakhala ku Dwangwa ndi mwana wawo wamkazi, Dyness. Anthu ankanong'onezana kuti chuma cha Mzomera n'chokhwimira, n'chifukwa chake mayi ake omubereka akumuthawa. Mawu amenewo ankamudya mumtima. Anachonderera mlongo wakeyo mpaka analola kuti mayiwo adzakhale kwa iye, koma Dyness anamuuziratu kuti, "Achimwene, ndikangomva kalikonse ndidzawatenga."

Pofuna kuti mayi ake asamasungulumwe, Mzomera anapereka wailesi yake yakale kwa antchito, n'kupita ku Boma kukagula makina aja amati homu thiyeta: chisipika chachikulu cha besi ndi timasipika tina tisanu.

Wogulitsa anati, "Atatu awa muike kutsogolo, pafupi ndi TV. Awiri awa ndi akumbuyo. Koma bwana, bwanji ndibwere ndidzakuikireni ndekha?"

Mzomera anaseka. "Ine ndimamasula injini ya boti n'kuibwezera. Ndingalephere kulumikiza waya?"

Kunyumba, atatu aja anawaika bwinobwino. Awiri aja ndi amene anamuzunguza mutu. Mkazi wake Marjory, make Sungani, anati, "Bambo a Sungani, kumbuyo kwa chiyani? Kwa TV, kwa mpando, kapena kwa ife? Tamuimbirani munthu uja."

"Taona kutalika kwa mawayawa. Waya wautali chonchi ungathere pabalaza? Kumbuyo ndi kumbuyo kwa nyumba, basi."

Mzomera anabooladi khoma, n'kukhomera masipika awiri aja kuseri, pansi pa malata, moyang'ana kwa aneba. Atayatsa makina, m'nyumba sankawamva. Mwa nzeru zakezo anakweza voliyumu ya akumbuyowo mpaka pothera, amvekere mwina amachedwa kudzuka poti ndi atsopano.

Inu odziwa zinthuzi mukudziwa kuti masipika akumbuyo sayankhula nkhani ya m'filimu. Ntchito yawo ndi phokoso lozungulira: mvula, agalu, khamu la anthu.

Lamulungu masana Mzomera anatseka geti, anakhazika mayi ake pampando wabwino, n'kuika filimu. Tsoka ilo, m'filimumo munali maliro a munthu wolemera, aatali osatha. Pabalaza ankangomva mbusa akulalikira ndi besi ikugunda. Kuseri kwa mpanda kunkamveka azimayi akulira mokweza.

Neba wawo, mayi Rahila, ankayanika usipa. Anaika dengu pansi n'kunena kuti, "Agogo aja atisiya." Anakagogoda pageti, koma ndi besi ija palibe amene anamva. Ndiye anaimbira Dyness. Azimayi anasonkhana pageti n'kuyamba kuthandiza kulira, azibambo anayala masamba pamsewu monga timachitira pamaliro.

"Nanga pamaliro amatseka geti?" anafunsa bambo wina.

"Mwini nyumbayu simukumudziwa? Ali ndi zoti amalize kaye," anayankha mnzake.

Dyness anafika pa njinga yamoto, atalira njira yonse. Anthu anathyola loko, analowa pabalaza ndi chimkokomo cha maliro, n'kupeza a NyaChirwa ali tsonga pampando, akutafuna chinangwa chootcha.

"Wamwalira ndani?" anafunsa Mzomera.

"Ife ndiye tikufunsa inu," anatero mayi Rahila.

A NyaChirwa ataona mwana wawo wamkazi maso ali psuu, nawonso anayamba kulira. "Dyness, watisiya ndani? Mwamuna wako?"

"Amama, akuti ndinu."

"Ine?"

Apo Marjory anazimitsa makina, ndipo kulira kwa kuseri kunathera pomwepo. Anthu anazungulira nyumba n'kuona masipika awiri aja ali pakhoma. Mungaganize kuti nkhani inathera apa, koma ayi, ndi pamene inaipiratu.

"Munthu kuika masipika panja kuti azilira maliro. Maliro ake a ndani?" anafunsa Dyness.

Mzomera anayesa kufotokoza. Anatchula wogulitsa wa ku Boma, anatchula waya wautali, anatchula kumbuyo. Mawu ankangokolowekana m'kamwa, thukuta lili kamukamu. Wina ankati ndi mankhwala a maboti, wina ankati mkuluyu mutu wasokonekera, azimayi ena anali asanaleke kulira chifukwa sanadziwe ngati aleke kapena apitirize. Palibe amene anamvetsa chimene chachitika.

A NyaChirwa anatuluka pang'onopang'ono mpaka pageti. Anaona masamba aja ali pamsewu, anaona anthu atakhala pansi m'mbali mwa mpanda. Kenako anatembenukira Mzomera.

"Mzomera mwana wanga, anthu akamanena za iwe ine ndimakukanira. Lero wandiyeserera maliro ndili moyo. Dyness, kanditengere chikwama changa."

Mzomera anagwada pafumbi anthu onse akuona, akulira ngati mwana. "Amama, ndi masipika chabe." Mayi ake sanacheuke.

Mawa lake wogulitsa uja anabwera, anazula masipikawo n'kuwaika pabalaza kumbuyo kwa mpando, pomwe amayenera kukhala. Makinawo akulira bwino kwambiri mpaka lero. Koma a NyaChirwa sanapondenso ku Ngala. Mzomera akapita ku Dwangwa kukawaona amamulandirira pakhonde, ndipo nsomba imene wabweretsa amauza Dyness kuti apatse aneba.

Phunziro: Ngati mawu sunawamvetse, funsa, ngakhale akhale mawu oti umawadziwa kuyambira ubwana. Safunsa anadya phula. Kudziwa injini sikudziwa masipika, ndipo mkazi wako akati imba foni, imba. Anthu akakuganizira kale zoipa, ngakhale kulakwitsa waya amakuwerengera ufiti. Tumizani uthengawu kwa abale ndi anzanu, makamaka aja amati zonse amazidziwa.