Diresi la mfumukazi ya m'nyanja

Mayi Eveles anali akusoka kamchira ka usipa pamene Beauty anakweranso pakhonde pawo, osaodira n'komwe. Anangofikira pamsomali pamene panali diresi loyera, n'kuyamba kulitembenuza ngati akusankha kaunjika.

"Agogo ake Tiwonge, silinafufume ili. Mfumukazi aoneke ngati wavala thumba la feteleza?"

Mayi Eveles anangopalasa makina mwaukali mpaka ulusi unaduka.

Chaka chilichonse sukulu ya mkombaphala ya m'mudzimo ikamatsekera, ana amachita sewero la m'nyanja, ndipo zovala zake amasoka ndi mayi Eveles. Ana ambiri amakhala usipa, timadiresi totuwa tamichira kumbuyo. Mmodzi yekha ndiye amakhala mfumukazi. Ameneyo amavala diresi lofika pansi, n'kutsogolera anzake mumsewu kuchokera kusukulu mpaka kubwalo la mpira. Kuyambira chaka chimene amayi awiri anang'ambirana zitenje polimbirana udindowu, aphunzitsi anasiya kulengeza msanga. Nyimbo amaphunzitsa ana onse, dzina n'kulitchula m'mawa wa tsiku lomwelo. Kwa telala kumangopita zingwe zomanga mfundo, iyi ya pachifuwa, iyi ya m'chiuno, iyi ya msinkhu, popanda dzina la mwana.

Chaka chino zingwezo anabweretsa ndi Beauty, wapampando watsopano wa komiti ya makolo. Beauty yemweyo amene anamanga thandala lake loyanikapo usipa kuseri kwa khitchini ya mayi Eveles, ntchentche n'kusamukira m'mbale zawo. Yemweyo amene ananena pamsonkhano kuti maso a agogowa atha, ntchitoyi ipite kwa atelala a ku Salima. Mwana wake Ella anali kalasi imodzi ndi Tiwonge, mdzukulu yekhayo wa mayi Eveles. Kwa Tiwonge chaka chino chinali chomaliza. Agogo ake anali atavekapo ana a eni ufumukazi mpaka tsitsi kuyera, ndipo ankati ulendo uno ndi wa kwawo.

Koma panalibenso chofunsa. Nsalu ya mfumukazi anakasankha yekha Beauty kutauni. Timadiresi ta usipa sanatigwireko, koma ili ankabwera kudzalifufuza m'mawa ndi masana omwe: pakhosi pathina, mpendero wapotoka, maluwa achepa. Ella naye ankayenda mumsewu khosi lili njo ngati wasenza ndowa, akuimba nyimbo ya mfumukazi kuti aliyense amve. Tiwonge, mwana wamanyazi, ankaimbira kuseri kwa chitseko.

"Mwati lifufume?" anafunsa mayi Eveles, akulowetsa ulusi pasingano.

"Lifufume. Ngati zakukanikani nenani, nthawi ikadalipo."

"Lifufuma, make Ella. Mudzalikumbuka."

Chofufumitsa madiresi awo chinali neti ya udzudzu. Nthawi zonse ankatenga yakale, yochapidwachapidwa, n'kuikanso nsalu yofewa m'kati kuti isakhudze khungu. Paja neti yatsopano amayamba aiyanika pamthunzi, apo ayi mankhwala ake amayabwa usiku wonse. Beauty atangotsika pakhonde, mayi Eveles analowa m'nyumba n'kung'amba pepala la neti imene inali isanatsegulidwe. Anaipindapinda, n'kuisokerera kunsi kwa diresi, ina n'kuikweza mpaka pachifuwa ndi m'khosi. Nsalu yofewa ija anaibweza m'thumba.

Manja anawanyerenyesa mpaka madzulo, koma sanadandaule. Mumtima ankati sakupha munthu. Kungoti dzuwa likawomba, thukuta likayamba, mwana wa wapampando adzadzikanda ngati galu wa utitiri pamaso pa Senga Bay yense, ndipo mayi wake adzadziwa kuti ufumu wolanda umayabwa.

Podzalitenga, Beauty analizungulira, n'kusowa ponyoza. Anangoti kani manja akadalimo, n'kulinyamula osathokoza.

Tsiku la sewero kunatentha kuyambira m'mawa. Tiwonge anapita kusukulu ndi mayi wake molawirira. Mayi Eveles anavala chitenje chatsopano, n'kuika mpando kutsogolo kwa makina, pamalo poti msewu wonse auone. Ng'oma itamveka, akabaza anaima m'mbali, amayi a usipa anasiya mabeseni awo n'kuthamangira kumsewu.

Diresi linaonekera patali, loyera mbuu, lotambasuka ngati ambulera. Anthu anaimba nthungululu. Mfumukaziyo inkabwera itawerama, chisoti cha pepala lonyezimira chitatsikira kumaso, ndipo kadzanja kamodzi kanali kale m'khosi. Mayi Eveles anaphimba pakamwa ndi chitenje. Kadzanja kachiwiri kanalowa m'khwapa. Mwanayo anayenda pang'ono, n'kuima, n'kuyamba kupondaponda pansi akukoka diresi pachifuwa. Usipa wa m'mbuyo unagundana, nyimbo inasokonekera, anyamata a kabaza anafa nacho chiseko. Beauty anatulukira m'gulu akuthamanga, duku lili m'manja.

Mayi Eveles anakhutira. Anaimirira kuti afunefune mdzukulu wawo pakati pa usipa, amukwezere dzanja, aone kuti bola iye akuyenda mwamtendere. Anayang'ana mzere woyamba, osamuona. Pamzere wachiwiri panali Ella, akugwedeza kamchira kake kotuwa, akuimba kukamwa kuli yasa.

Apo mfumukazi inakankha chisoti, n'kutembenuzira kukhondeko nkhope yotupa ndi zidzolo.

"Agogo," analira Tiwonge, "ndivuleni, likundiotcha."